Kawailesi m'thumba la mlamu wanga

Ntchito yanga ku Dubai inali yodula nsomba ndi kukolopa zitosi za mapengwini. Kwathu ku Mchinji ndikanena zimenezi amaseka. Pengwini ndi mbalame yosauluka, imayenda chilili ngati munthu, ndipo kwawo ndi kumunsi kwenikweni kwa dziko, kumene madzi amauma n'kukhala ngati mwala. Ife tinkazisunga m'chipinda chozizira ngati firiji, mkati mwa chinyumba cha masitolo. Kunja dzuwa likusungunula phula, ife mkati tili m'majekete ndi m'magolovesi.

Anandipezera ntchitoyo ndi mlamu wanga. Kwawo ndi ku Chipata, anakwatira mlongo wanga. Mlongo wangayo ankalera ana m'nyumba ya anthu ena, kugona komweko. Mlamu ankagona ku dera la International City, ine ku dera lina, Al Qusais. Tinkakumana pantchito. Iye ndi wolongolola, ine ayi. Ali ndi matenda a shuga, ankamwa mapiritsi, koma mu tiyi ankathira shuga mosawerenga. Ndikamuyang'ana ankati shuga wa m'thupi ndi wa m'kapu sadziwana.

Kolona itabwera masitolo anatseka. Alendo anasiya kubwera kudzaona mbalame. Koma mbalame zimadya, kolona kaya ayi, ndiye ife ochepa tinapatsidwa chilolezo choyenda kupita kuntchito ndi kubwerera. M'chinyumba chonsecho munali zii. Unkangomva mapengwini akulira ngati abulu.

Panali mayi wina wa kafukufuku, wa kudziko lina lozizira, amene anayenera kubwera kudzagwira nafe ntchito. Ndege zinaima, sanabwere. Anangotumiza katundu wake: timawailesi tating'ono ngati bokosi la machesi, kalikonse ndi kawaya kake ngati mchira wa khoswe. Anatifotokozera pa kompyuta. Kawailesiko amakamata pamsana pa pengwini wa kutchire, kapena pamutu pa nyama zina za m'nyanja za kumeneko. Nyamayo ikatumphukira pamwamba pa madzi, kamaitana setilaiti imene ikudutsa kumwamba, ndipo pa mapu a mayiyo pamaoneka kadontho. Timadontho tikachuluka, amadziwa kumene nyamazo zimadyera. Malo amenewo ndiwo amapita nawo kwa akuluakulu kuti zombo zophera nsomba zisamafikeko. Asanapite nato kumunsiko ankafuna kuyesa pa mbalame zathu, aone ngati tepi igwira ndiponso ngati mbalame isambira bwino itasenza kanthuko.

Tinkagwira awiri, mayiyo akuonerera pa kompyuta imene tinkaika pa ndowa. Ine ndinkagwira mbalame, mutu m'khwapa, sokosi kumaso. Phiko la pengwini ndi thabwa, likakumenya pa mkono umachita dzanzi. Mlamu ndiye ankamata. Ankatukula nthenga ndi msana wa mpeni, n'kulowetsa timizere ta tepi pansi pake, n'kuika kawailesi, n'kupinda tepiyo pamwamba. Manja ake anali abwino pa zimenezo.

Vuto linali limodzi. Tepi ikazizira sigwira. Ndiye tepi ndi kawailesi tinkazisunga m'thumba la mkati mwa jekete, pafupi ndi thupi, kuti zifunde. Poyatsa kawailesi umangodutsitsa maginito pambali pake, kanyali kamaphethira, basi kayaka.

Tsiku limenelo mlamu anadutsitsa maginito, kanyali kanaphethira, anakabwezera m'thumba podikira kuti ndigwire mbalame. Mbalameyo inandiluma pa chala n'kudumphira m'madzi. Nditatembenuka ndinaona manja a mlamu akunjenjemera. Anati khalas, ndiye kuti basi, tiyesa mawa, lero kwazizira kwambiri. Kunali kozizira monga mwa masiku onse. Poweruka anatuluka jekete ya ntchito ili m'thupi, atakoka zipi mpaka m'khosi. Unali mwezi wa Meyi. Ku Dubai mwezi umenewo ngakhale malaya amalemera.

M'mawa mwake sanabwere. Foni yake inali yothimitsa.

Masana mlongo wanga anandiimbira. Anati mwamuna wake sanamuimbire usiku, chinthu chimene sanachitepo. Iye sakanatha kutuluka. Adona ake anali atanena kuti wotuluka pageti asabwererenso, chifukwa cha ana. Anandipempha kuti ndikamuone. Ndinati ndipita.

Ku International City ndi kutali, sitima ya mumzinda, Metro, sifikako, ndinakwera basi. M'chipinda chawo munkagona amuna ambiri pa mabedi osanjikiza. Sanandilole kulowa. Mmodzi wa ku Lusaka anandiyankhula chitseko atatsegula pang'ono. Anati mlamu anatsokomola usiku wonse, anthu anayamba kukangana, chifukwa mmodzi akapezeka ndi kolona chipinda chonse chimatengedwa kukatsekeredwa. Palibe anamuthamangitsa, iye anatero, koma kutacha bedi linali lopanda munthu. Kenako anandipatsira kapepala ka mapiritsi pa mpata wa chitseko. Anali a shuga. Anawapeza pansi pa pilo.

Ndinaima pakhonde ndi mapiritsiwo m'manja. Munthu wa shuga, thupi likutentha, wopanda mankhwala, m'dzuwa la Meyi. Sindinaphunzire kwambiri, koma zimenezo ndinkadziwa kumene zimathera.

Za foni ndinazimvetsa. Mlamu ankakhulupirira kuti boma limalondola munthu aliyense pa foni. Ankaopanso chipatala. Masiku amenewo mphekesera zinali zoti wolowa m'chipatala ndi kolona satulukamo, ndipo maliro ake saperekedwa kwa abale. Iye ankati sangalole kuikidwa mumchenga wa eni.

Ndinauza bwana wathu zonse, ndi za chifuwa zomwe. Bwana anadziwitsa apolisi, ife anatitumiza kukapimidwa m'mphuno. Ine ndinapezeka ndilibe. Apolisi anati afufuza. Sindikuwada, mzinda wonse unali ndi odwala. Ndinafunsa kwa a Malawi ndi a Zambia onse amene ndinali ndi manambala awo, mpaka kwa abusa a mpingo wake. Palibe anamuona. Mlongo wanga ankaimba m'mawa, masana, madzulo, akunong'ona ali m'bafa kuti adona asamve. Ndinkangoti ndikufunabe.

Ntchito sinaime. Tsiku lina mayi wa kafukufuku uja anati popeza womata palibe, ndiwerenge timawailesi totsala ndikatsekere m'kabati. Ndinatsegula bokosi. Malo amodzi anali opanda kanthu. Ndinayang'ana pansi pa tebulo, mu ndowa, m'ngalande ya madzi. Kenako ndinakumbukira kanyali kakuphethira, ndi dzanja la mlamu likulowa m'jekete.

Chizungu changa n'cha pantchito. Ndinamufunsa mayiyo ngati kawailesi kamayankhula kakanyamulidwa ndi munthu. Anandifunsa chifukwa chake. Ndinamuuza. Anati inde, ngati kali koyaka ndipo kakuona kumwamba. M'nyumba sikamveka. Anati ndidikire, atsegule mapu.

Mapu anabwera pa kompyuta. Panalibe kadontho ngakhale kamodzi.

Ndinakhala pansi pa bokosi la nsomba. Mayiyo anati mwina ali m'nyumba, mwina kawailesi sikanayake bwino. Ndinati kanayaka, ndinaona ndi maso anga. Anapitiriza kudinadina. Ine ndinkangoyang'ana mbalame ija inandiluma ikudzikonza nthenga. Patapita nthawi mayiyo anadzimenya pamphumi. Anati kompyuta yake anaiphunzitsa kutaya kadontho kalikonse kogwera pamtunda, ndiponso kalikonse koyenda liwiro loposa la pengwini, chifukwa timeneto timakhala tabodza. Pengwini sakwera basi. Anachotsa lamulo limenelo.

Timadontho tinatuluka pamwamba pa Dubai.

Sindinadziwe powerengera. Kena kanali m'chipululu, kena pakati pa nyanja. Mayiyo anati timeneto ndisatisamale, setilaiti imaphonya ikamva mawu ofooka. Anandionetsa mzere wa timadontho totalikirana, kuchokera ku International City kulowera m'tauni. Anati mbalame ikamayenda chonchi ndiye kuti ikungodutsa, palibe chimene ikufuna pamenepo. Poyenera kuyang'ana ndi pamene timadontho taunjikana, pamene mbalame yasiya kupita patsogolo n'kumangozungulira. Pamenepo ndiye pali chakudya, kapena chisa. Anakulitsa mapu. Mulu wa timadontho unali ku Karama.

Ndinaimirira kuti ndizipita. Anati ndidikire kaye, pali zinthu ziwiri. Choyamba, muluwo ndi wotambalala, waphimba nyumba zambiri, sangandiuze kuti ndi iyi. Chachiwiri, kadontho komaliza n'ka dzulo. Kawailesiko kakakhala kouma nthawi yaitali kamaganiza kuti mbalame yatuluka m'nyanja kukafungatira mazira, ndiye kamagona kuti batire lisathe. Kamadzuka pokhapokha kakakhudza madzi amchere.

Ndinafunsa ngati angakadzutse iye ali komweko. Anati ayi.

Ndinakwera Metro, mipando yolembedwa kuti pasakhale munthu, aliyense ndi masiki. Karama ndimaidziwa. Ine ndi mlamu tinayambira kumeneko titangofika. Ndi nyumba zakale zazifupi, zofanana zonse, pansi timasitolo ndi malo odyera. Ndinayenda nyumba ndi nyumba ndi chithunzi chake pa foni. Alonda ena ankandithamangitsa ndisanayankhule. Ndinayang'ana m'makwalala, kuseri kwa mabini, pansi pa masitepe, m'magalimoto ofa. Ndinafunsa kwa Mmwenye wogulitsa tiyi amene ankatikongoza kale. Anati sanamuone. Nthawi yoletsa kuyenda itayandikira ndinabwerera ku Al Qusais. Mapiritsi anali m'thumba mwanga.

Kutacha ndinapeza uthenga wa mayi uja woti ndimuimbire. Ndinaimba. Anati kawailesi kadzuka. Anayankhula pang'onopang'ono, ngati munthu woponda pa minga. Anati kadontho katsopano kagwera cha kum'mawa kwa Karama, kufupi ndi madzi.

Kumeneko kuli mtsinje wa nyanja umene umalowa pakati pa mzinda. Madzi ake ndi amchere.

Mayiyo anati kadonthoko n'kofooka, kakhoza kukhala kabodza, ndisathamangire kuganiza. Koma tonse tinkadziwa chimene chimadzutsa kawailesi. Foni ina inalowa. Anali mlongo wanga.

"Achimwene, mwamva chilichonse?"

"Ndikufunabe."

"Mawu anu asintha."

"Ndi masiki."

Ndinapita kumtsinjeko. Ndinayenda m'mphepete, ndikuyang'ana pansi pa milatho ya matabwa ndi pakati pa mabwato omangidwa. Jekete yathu ndi yabuluu. Chilichonse chabuluu choyandama chinkandiimitsa mtima: chigubu, pepala la pulasitiki, chingwe. Dzuwa linakwera. Ndinayamba kuganiza zimene ndidzanene kwa amayi ake ku Chipata, ndi mmene munthu amatumizira maliro ndege zitaima.

Foni inalira. Mayi uja anati setilaiti ina yadutsa, kwabwera kadontho kena, kamphamvu kuposa tonse. Sikali kumadzi. Kali mkati mwa mulu wakale uja, ndipo bwalo lake ndi laling'ono, nyumba zowerengeka. Anati kadontho kamphamvu chonchi kamabwera kawailesi kakamaona kumwamba konse popanda chotchinga. Za madzi amchere pamtunda anati sakuzimvetsa. Ananditumizira chithunzi.

Ndinachiyang'ana nditaima pamthunzi wa sitolo yotseka. Pakati pa nyumba za Karama, pansi, kumwamba umakuona kachidutswa. Poona kumwamba konse ndi padenga. M'bwalolo munali nyumba imene tinkakhala kale. Chitseko cha padenga pake loko wake anali wothyoka. Mlamu ankakwera kumeneko kukaimbira mkazi wake foni, chifukwa m'chipinda anthu ankamuseka akayamba mawu achikondi. Dzulo lake ndinali nditadutsa panyumbayo, ndinafunsa mlonda, ndinayang'ana pansi pa masitepe. Kumwamba sindinakuganizire. Munthu wamoyo sakhala padenga mu Meyi.

Ndinathamanga. Zaka zanga si zothamanga.

Mlonda sanali wa dzulo uja, anali wachilendo, wa ku Nepal. Anatambasula mkono pakhomo, anati alendo saloledwa, bhai, m'bale wanga, kuli kolona. Ndinamuuza kuti padenga pali munthu wodwala. Anati padenga palibe munthu. Ndinamusuntha ndi phewa n'kukwera. Ananditsatira akukalipa m'chinenero chake.

Loko anali wothyokabe. Nditakankha chitseko kutentha kunandimenya kumaso ngati uvuni wa njerwa. Padenga panali mathanki a madzi, makina a mpweya wozizira akulira, zingwe zoyanikira. Ndinazungulira thanki yoyamba, palibe. Yachiwiri, palibe. Kuseri kwa yachitatu kunali makatoni otsamiritsidwa kukhoma, mabotolo a madzi opanda kanthu, ndi mapazi awiri.

Anagona chammbali, jekete ili m'thupi, zipi mpaka m'khosi. Ntchentche zinali pakamwa. Sindinaone ngati chifuwa chikuyenda, jeketeyo ndi yokhuthala.

"Alamu."

Zii.

"Alamu."

Ndinamuponda chala cha kuphazi, mwamphamvu. Diso limodzi linatseguka. Linandiyang'ana nthawi yaitali lisanandizindikire.

"Ba mulamu," anatero, mawu ngati pepala. "Musafike pafupi. Nizakupasani matenda."

"Khalani chete."

Ndinagwada. Jekete inali yonyowa ngati yochapa, mkati monse. Pakhosi pake panali mizere yoyera ya thukuta louma. Pamwamba pa thumba panatuluka kawaya kaja, mchira wa khoswe. Madzi amchere anali amenewo. Thupi linali litatentha mpaka kukha thukuta, thukutalo n'kulowa m'thumba, kawailesi n'kuganiza kuti mbalame yabwerera m'nyanja.

Mpweya wake unkanunkha ngati zipatso zoola. Ndinauza mlonda kuti aimbe ambulansi. Anasiya kukalipa, anaimba, anatsika n'kubwera ndi madzi ozizira ndi ambulera. Ndinafuna kumuvula jekete mlamu, anakana. Anati akumva chisanu, anati chipatala sapita, bola afere pompo, pamene palibe amene angamudandaule. Anayamba kulimbana nane ndi timphamvu timene tinatsala. Ndinamugwira monga ndimagwirira mbalame, mutu m'khwapa, mkono umodzi kumsana, mlonda n'kutsitsa zipi. Ananditukwana. Anatukwananso mtundu wanga wonse wa ku Mchinji. Ndinamuthira madzi m'mutu ndi pachifuwa, ena pang'ono pakamwa. Mapiritsi sindinamupatse, ndinaopa kulakwitsa, ndinadikira odziwa.

Atapuma anafunsa, maso ali chitsekere.

"Mwanipeza bwanji? Foni ninazima."

Ndinatulutsa kawailesi m'thumba la jekete, ndinamuonetsa. Anatsegula maso. Anakayang'ana, anayang'ana kumwamba, anakayang'ananso.

"Ka nyoni aka," anatero. "Ninakayasha neka."

"Ka mbalame komweko. Munakayatsa nokha."

Anafuna kuseka, chifuwa chinamugwira. Anatsokomola mpaka ndinaganiza kuti athera m'manja mwanga. Ambulansi inachedwa, kapena ndi ine ndinaona choncho. A ambulansiwo anabwera atavala zoyera thupi lonse, anamubaya chala, anayang'anana, mmodzi anati yalla, yalla, tifulumire. Anamutsitsa pa masitepe pa mpando. Ndinawapatsa mapiritsi aja kuti adziwe amene amamwa. Ine sanandilole kukwera. Anandilemba dzina, anati ndidikire pomwepo galimoto ina idzanditenga, popeza ndamugwira.

Ndinakhala pa sitepe ya pakhomo. Ndinatumiza uthenga kwa mayi wa kafukufuku, mawu awiri. Kenako ndinaimbira mlongo wanga. Anayankha foni isanalire n'komwe.

"Ndamupeza."

"Ali moyo?"

"Akutukwana."

Ndinamva chitseko cha bafa chikutsekeka, kenako kulira. Ndinamusiya alire. Sindidziwa zonena pa nthawi ngati imeneyo.

Mlamu anakhala m'chipatala nthawi yaitali. Masiku oyamba madokotala sankalonjeza kanthu, anati shuga ndiye anatsala pang'ono kumupha kuposa kolona. Ine ananditsekera m'chipinda cha hotela, ndekha, chakudya akusiya pakhomo. Matenda sanandigwire. Amuna a m'chipinda chake anatengedwabe kukatsekeredwa, kuthawa kwake sikunapulumutse munthu. Mlamu anatuluka m'chipatala ataonda, lamba akuboola mabowo atsopano.

Mayi uja anati timadontho ta mlamu atifufuta, chifukwa chilolezo chake n'cholondola mbalame, osati anthu. Mlamu anapempha chithunzi kaye. Anachitumiza kwa mkazi wake, kumuonetsa kuti ngakhale atadwala sanapite kwa mkazi wina. Mlongo wanga sanaseke.

Timawailesi tinapita kumunsi kwa dziko ndege zitayambanso, ndi tepi yomata mmene mlamu ankamatira. Mayiyo nthawi zina amatitumizira mapu, nyanja yokhayokha ndi timizere ta timadontho, kwina titaunjikana. Ndimadziwa kuwerenga tsopano. Ndimayang'ana pa mulu.

Mlamu anabwerera pantchito. Tepi amaifunditsabe m'thumba la mkati, palibe njira ina. Poweruka ndimaima pakhomo n'kumusecha matumba. Amati ndine wapolisi wa nkhuku. Ndimamusechabe. Chimene ndimafuna si kawailesi, ndimaona ngati mapiritsi alimo.